Vinyo wa mphesa zowola

Loweruka, mwezi wa Novembala. Kwatentha tsiku lonse.

Masana bwana wa esiteti anali ndi alendo, pakati pawo a tcheyamani a chipani ochokera ku Chitakale. Anandituma kukatsegula vinyo woyera wa ku Falansa uja, wooneka ngati uchi, amene ndakhala ndikupukuta botolo lake zaka zinayi.

A tcheyamani atalawa anati, "Kutsekemera ngati ufulu wathu! Khukhi, kodi amathiramo shuga?"

Ine ndi kamwa langali ndinati, "Ayi bwana, amadikira kuti mphesa ziwole kaye, ndiye zimatsekemera." Ndi zimene bwana wa esiteti anandiuza okha chaka chatha.

Palibe anaseka. Dona, mkazi wa bwana, anayang'ana pansi. A tcheyamani anaika tambula patebulo n'kundifunsa dzina, mudzi, ndiponso ngati makolo anga anachokera ku Mozambiki. Ndinayankha zonse. Vinyo wawo sanamalize.

Mkazi wanga akuti ndikabisale kwa achimwene ku Milonde. Koma ndikathawa, si ndiye kuti ndavomera mlandu? Khadi la chipani ndaliika m'thumba la malaya.

Galimoto ikamveka pamsewu wa m'minda ya tiyi, ndikumaleka kulemba mpaka idutse. Zadutsa zitatu. Imene ikubwerayi ikuyenda pang'onopang'ono…