Chipewa cha Nyale ya Pabalaza

Amayi, kodi kumeneko mukukhala bwanji? Kuno tilipo. Mkazi wa Mabvuto wachira, mwana wamkazi, ndipo mphuno ndi yanu yomwe ija, ndiye musaganize kuti mwatithawa. Mango anu a kuseri abereka mpaka nthambi ina kuthyoka.

Koma nkhani yaikulu ili pa atate. Denga litadontha mvula yathayi, Mabvuto anaitana wamagetsi kudzasintha mawaya. Mwana wanuyo phuma lake mukulidziwa. Anachotsanso nyale zakale zonse, pamodzi ndi zipewa zake zachitsulo zija zobiriwira kunja, zoyera mkati, zimene munazipeza m'nyumba ino atate akuyamba ntchito ya njanji. Anazitaya, n'kuika machubu oyera mbuu. Iye ankati akutikonzera. Mukanakhalapo mukanamuuza kuti safunsa anadya phula.

Paja atate anayamba kuiwalaiwala inu mudakalipo. Chiikireni machubuwo, kukangoda ankakana kukhala pansi. Ankayang'ana kudenga n'kunena kuti, "Esnati, muno ni mu chipatala. Nipeleke kunyumba." Ndinkawaonetsa mpando wawo, wailesi yawo, koma ayi ndithu. Chakudya ankakana, ati akadya kwawo. Munthu anaonda, amayi. Ine ndinali ndi mantha kuti tsiku lina adzatuluka ine ndili kuntchito, kukafuna nyumba imene ali momwemo kale.

Ndinayamba kusaka. M'masitolo a mumsewu wa Mosi-oa-Tunya mwadzaza zonyezimira zokhazokha. Pena ndinapeza zofanizira zakalezo, koma amasungira eni maloji, amene amafuna alendo awo azigona ngati m'masiku a atsamunda. Atanditchulira mtengo ndinangoseka n'kutuluka. Zinthu zimene munkandikwezera patebulo kuti ndipukute kangaude, lero zasanduka za olemera.

Amene anandithandiza ndi Ba Mutinta, anzanu a ku Libuyu aja munkagulako mazira. Nditawadandaulira anaseka, n'kundigwira dzanja mpaka kukhola. Ndinapeza chipewa chenicheni, chogadamika, pabowo atatseka ndi chitsononkho, nkhuku zikumweramo madzi. Akuti a m'nyumba za njanji atayamba kuzitaya, oweta nkhuku ndiwo ankatola.

"Tenga chabe, mwana wanga, uniletele beseni ya pulasitiki," anatero. "Nkhuku sizisankha."

Ndinachikwecha ndi phulusa monga munkachitira ndi mapoto. Dzimbiri la m'mphepete lakana kuchoka, ndalisiya. Mabvuto anabwera ndi wamagetsi wake uja, maso ali pansi, atagula babu lowala mwachikasu. Musamukalipire kwambiri, anagwira yekha makwerero.

Dzulo madzulo tinayatsa. Kuwala kunagwera patebulo pokha, m'makona muli kamdima, ndendende kale lija. Atate analowa, anaima pang'ono, kenaka anakakhala pampando wawo osauzidwa ndi munthu. Anadya mbale yonse. Ine ndinathawira kukhitchini kukalira, chimwemwe chitandikulira.

Nditabwerako anandiyang'ana bwinobwino n'kufunsa kuti, "Nanga bamai bako bali kuti? Kwada uku, sibanabwele ku maliketi?"

Amayi, m'chipatala chawo chija ankadziwa kuti munatisiya, sankafunsa. Tsopano ndawabwezera kunyumba, ndipo kunyumba amakudikirani. Ndinawauza kuti muli bwino kumene muli, ndipo mwati asakudikireni, agone. Anapukusa mutu akumwetulira, ati ndi khalidwe lanu limenelo, mukapeza ocheza nawo simuona dzuwa. Ngati ndinakunamizirani mawu, mundikhululukire.

Ndimakukondani, amayi, ndipo ndakusowani kwambiri. Ndikulonjeza kuti madzulo alionse akafunsa, ndidzakhala pambali pawo, ndipo sindidzatopa kuwayankha.

Ine mwana wanu,
Esnati