Kumbuyo kwa wailesi ya ababa

Lolemba, 4 Marichi 2013

Bangwe, 1984 kapena 85. Wailesi ya ababa pamkeka, ikuimba. Achimwene anga a Venansio anaimasula kumbuyo ndi mpeni, ikuimbabe, n'kupotokola kasikulufu kamodzi. Kunatuluka Chipwitikizi cha ku Mozambiki. Ine mantha. Iwo: "Ukaizimitsa suona kanthu. Chinthu umachidziwa chikugwira ntchito."

Zandibwerera lero m'minibasi, pochokera ku kiliniki ya mpingo ku Ndirande. Pulogalamu ya odwala imene tinalemba awirife mu 2006 yayamba zachilendo. Maxon, kalaliki watsopano, akatsegula odwala ena, pa matenda ndi pa mankhwala palibe kanthu. A Sisitere Petronela akuti akufufuta dala. Ndikapanda kupeza china pofika Lachisanu la sabata ya mawa, Maxon ntchito yatha. Mkazi wake ndi woyembekezera.

Lachitatu, 6 Marichi

M'detabesi, nkhokwe ya pulogalamu, zonse zilimo. Palibe chafufutidwa. Zikusowera panjira, zisanafike pa sikirini.

Maxon sindikumukhulupirirabe. Ulemu wachuluka. Wandigulira mandasi osamutuma. "Bwana, ine ngakhale inki ya printa ndimaitanira anthu." Wolakwa amatero. Wosalakwa amateronso.

Magetsi anathima masana. Ndabwerera ku Chilomoni dzuwa likadalipo.

Lachinayi, 7 Marichi

Ndilembe mwadongosolo, mwina mutu uwongoka.

Wodwala aliyense m'pulogalamu ndi objekiti, kanyumba ka zipinda: dzina, kumene akukhala, matenda, mankhwala. Ziwiri zomalizazo ndinakhoma ndekha, private, ndipo khomo lozisinthira kunja sindinaike. Nanga akulowa bwanji?

Njira ilipo mu Java, chilankhulo chimene tinalembera pulogalamuyi. Reflection. Pulogalamu ili m'kati moyenda, umaifunsa objekiti kuti ili ndi zipinda zanji, umatchula chimene ukufuna, setAccessible(true), loko wagwa. Umaona, umasintha, umatuluka. Mwini nyumba osadziwa.

Maxon zimenezi sangazithe. Amene ankazikonda ndikumudziwa. Tinayamwa bere limodzi.

Lolemba, 11 Marichi

Ndazipeza. M'fayilo yokonza madeti, mmene munthu sangaganizire. Mizere yochepa, yaukhondo, dzanja la achimwene. Okutobala 2007.

Imayerekeza kumene akukhala kalaliki ndi kumene akukhala wodwala. Akakhala a dera limodzi, imalowa m'zipinda ziwiri zija n'kusesa, pa sikirini pokha. Kalaliki amene wapuma, amene Maxon walowa m'malo mwake, ankachokera ku Zingwangwa, ndiye zaka zonsezi inali gone. Maxon amakhala ku Goliyo, ku Ndirande komweko, pakati pa odwala ake.

Okutobala 2007. Mlamu Jesinta, mkazi wa achimwene, tinamuika mu Seputembala. Ankalandirira mankhwala pa kiliniki yomweyo, mwakachetechete. Koma pasiwa amayi ankanong'onezana dzina la mankhwalawo, molondola, ngati anachita kuwerenga. Kalaliki wa nthawi imeneyo, asanabwere wa ku Zingwangwa uja, ankakhala kuseri kwa nyumba yawo, mpopi umodzi. Achimwene sanakalipe. Chaka chisanathe anasiya ntchito, n'kusamukira ku Machinjiri. Foni osayankha. Ndinkati ndi chisoni chabe.

Jesinta ankanditchula "aphunzitsi" chifukwa cha magalasi. Ndikumumva mpaka lero.

Lachiwiri, 12 Marichi

Ndawauza a Sisitere kuti Maxon alibe mlandu. "Ndiye ndani, a Ambrosi? Kompyuta ilibe manja." Ndati ndikufufuzabe. Andiyang'ana ngati tikudyera limodzi ndi Maxon. Popanda dzina sasintha maganizo.

Ndipo pali china. Pansi pa mizere ija, ina iwiri. Wolowa akakhala "ambrosi", wodwala mmodzi asaoneke konse, ngakhale dzina. Pali nambala yake yokha.

Kundibisira ine. M'pulogalamu yanga.

Ndani? Madzulo ano ndamuyang'ana Olive, mkazi wanga, akusankha nyemba pakhonde, mpaka wafunsa ngati ndadwala. Manyazi. Ndaganizira mlongo wathu Agnes. Ndaganizira achimwene eni ake, mmene kolala ya shati inkawakulira pa ukwati wa ku Chemusa.

Kutsegula n'kosavuta. Nambala ndili nayo, detabesi ili m'manja mwanga. Ndinalemba funso lofufuzira dzina lake mpaka kumapeto, chala pa batani. Ndiye ndinaona amayi aja pasiwa. Nawonso ankangofuna kudziwa.

Ndatseka laputopu.

Lachitatu, 13 Marichi

Meseji kwa achimwene, pa nambala imene Agnes wandipatsa monyinyirika: "Ndatsegula kumbuyo kwa wailesi. Mwana wa eni akuchotsedwa ntchito."

Zii.

Mwina nambala ndi yakale. Mwina Agnes wandipatsa yolakwika dala. Masiku ano aliyense ndikumuonera m'mbali.

Lachisanu, 15 Marichi

M'mawa a Sisitere andiimbira. Achimwene anawaimbira okha dzulo, anena zonse za mizere ija. Maxon akhala. Kenako a Sisitere: "Mizereyo musaichotse kaye. Jesinta ndinamusambitsa ndine."

Za nambala ija sanatchule. Ndiye kuti sakuzidziwa.

Masana meseji ya achimwene, yoyamba chichokereni iwo ku Ndirande: "Mawa m'mawa pa Kameza, pokwerera minibasi. Nambala ija usatsegule. Ndikuuza ndekha, ndikadali kulankhula."

Ndaiwerenga kambirimbiri. Olive wasita shati yabuluu, osafunsa kanthu. Wandiikiranso mtedza wokazinga m'pepala, akuti alamu ankaukonda.