Mbatata ya Amayi M'mabotolo

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno ku Ruwa tilipo, mwendo wokhawu ndiwo ukundivutabe.

Mbatata ija anatisiyira amayi inayamba kupota masamba. Mwana wanga Chipo anatenga nsonga zake kukameretsa m'mabotolo ku labotale kuntchito kwawo. Zitamera, ndinamutsatira kuti ndikaone ndekha. Anasinja timasamba ta m'botolo lililonse paokha, n'kuthira madzi, kenaka n'kudonthezera mankhwala.

"Madziwa akasanduka achikasu, ndiye kuti muli kachilombo, Mhamha," anandiuza.

Ndinafunsa kuti madzi angadziwe bwanji chimene maso sakuona. Akuti mankhwalawo amakakamira kachilomboko kokha. Titadikira, madzi onse anachita chikasu kupatula a botolo limodzi. Limenelo ndiye mbewu yathu tsopano!

Chonde mundiuze, kodi mbatatayi amayi ankaitchula dzina lanji? Chipo ndiye wandifunsa.

Mulungu akusungeni.

Ine mlongo wanu,
Esinati