Zimene Anapeza M'magazi Mwathu

Mudzi wa Mtonga,
Magodi, Lundazi.
17 Ogasiti, 2025.

Okondedwa Amama anyaZimba,

Monire, Amama. Ndine Linah, mkamwana wanu, mkazi wa Haswell. Ndayamba ndi dzina langa dala, kuti ngati simukufuna kumva mawu anga muwauze alamu a Rosemary apinde pepalali asanapitirire kuwerenga.

Muli uli ku Kitwe kumeneko? Bondo lija likukuvutanibe? A Jemima, amene abwera kuno ku maliro a amalume awo, atiuza kuti maso anu ayamba kuchita chifunga. Kaya munapita nawo kuchipatala. Nanga alamu, abambo akunyumba kwawo ndi ana onse ali bwanji?

Kuno tilipo. Chimanga chalowa m'nkhokwe, fodya tinagulitsa, pano tikuswa mtedza. Ng'ombe yanu yofiira ija yabereka kachitatu. Palibe amene waigulitsa.

Ndalemba m'Chinyanja poti ndicho anatiphunzitsa kulemba kusukulu. Foni ndinayesa kawiri. Alamu atayankha, ndinangodula.

Patha zaka zisanu ndi chimodzi chichokereni inu pamudzi pano. Muli ndi adzukulu awiri amene simunawaonepo. Wamkulu ndi Yunike, wa zaka zisanu. Wamng'ono ndi Lukundo, wa miyezi isanu ndi itatu.

Zaka ziwiri zapitazo kunabwera anthu atatu a kafukufuku ochokera ku yunivesite. Mayi wina dokotala, a Carol, ankatenga magazi pachala. Bambo wina, a Jonah, ankayenda pa njinga kufunsa akuluakulu mayina a makolo ndi a ana amene anamwalira kalekale. Wachitatu, a Racheal, ankakhala pamphasa ndi ife amayi amene tinataya ana, n'kumajambula mawu athu pa foni. Ine ndinapereka chala, ndinaperekanso mawu. Patapita miyezi itatu anatumiza uthenga kuti aliyense akatenge zotsatira zake ku kiliniki. Inali nthawi yowokera fodya. Ine ndi Haswell sitinapite.

Mwezi wathawu anabweranso atatu onse kudzatiuza zimene anapeza. Tinasonkhana m'tchalitchi Lachinayi masana, anthu mpaka ena kuima m'mawindo.

Anayamba a Carol. Anati kuli matenda otchedwa sikoselo. M'magazi mwa munthu muli tinthu tofiira tozungulira, koma mwa mwana wodwala matendawa timapindika ngati chikwakwa n'kumakodwa m'mitsempha. Tikakodwa, mwana amalira ndi mafupa, manja ndi mapazi zimatupa, maso amachita chikasu, magazi amatha. Sanatchule dzina la munthu, koma ankangokhala ngati akunena Amon wanga ndi Olipa wanga, ana awiri aja munandithandiza kuika m'manda.

Anati matendawa munthu sapatsiridwa, salodzedwa, sadyetsedwa. Mwana amabadwa nawo akalandira mbewu yake kwa bambo ndi kwa mayi, onse awiri. Makolowo sadwala, amangonyamula. Anaika nyemba zinayi m'kapu, zitatu zoyera, imodzi yofiira, n'kuuza mayi wina kuti atsinzine atole imodzi. Anati mimba iliyonse imakhala choncho, ndipo nyemba yotoledwayo imabwerera m'kapu momwemo. Wina akhoza kutola yofiira katatu motsatizana, wina osaitola n'kamodzi komwe.

Bambo wina anafunsa kuti ngati mbewuyo ndi yoipa chotere, bwanji sinathe yokha kalekale. A Carol anati wonyamula mbewu imodzi malungo samugwetsa msanga, ndiye m'madera a udzudzu makolo athu onyamula ndiwo ankapulumuka n'kubereka. Anthu anaseka pang'ono. Chimene chinasunga agogo ndicho chikutha adzukulu.

Kenako a Jonah anapachika pepala lalikulu la mizere ngati nthambi za mtengo. Anati anakawerenga mabuku akale a ubatizo ndi a maliro ku mishoni, n'kuphatikiza ndi zimene akuluakulu anawauza. Mabanja anawalemba ndi manambala, osati mayina. Koma munthu kwawo sangakuphonye. Ndinaona mayi wobereka ana asanu ndi atatu, anayi odulidwa ndi mzere asanakwane zaka zisanu. Amenewo ndi agogo anga aakazi a ku Mphamba. Ana awo ankafa ndi manja otupa inu musanamve n'komwe dzina la kwathu, Amama.

Omaliza anali a Racheal. Anati mwa mabanja makumi anayi amene anataya ana mwa njira imeneyi, makumi awiri ndi atatu analoza munthu chala, ndipo olozedwawo pafupifupi onse anali amayi achikulire. Asanu ndi anayi anachoka m'midzi mwawo. Kenako anati awerenga mawu a anthu ena osatchula mayina. Anawerenga a munthu woyamba, a wachiwiri. A wachitatu anali awa: "Apongozi anamugwira mwana manja m'mawa. Pofika masana manja anatupa. Ndinamuuza mwamuna wanga kuti asankhe, mayi ake kapena ana ake."

Palibe anatembenuka kundiyang'ana. Onse anangoti maso kutsogolo, ndipo apo ndinadziwa kuti andizindikira. Ndinakhala phee, Lukundo ali kumsana. Ndinkadikira kuti mtima ugunde kapena misozi ituluke. Palibe chinabwera. Ndinkangoganiza kuti ndasiya mtedza padzuwa ndipo mbuzi sindinamange.

Tsopano ndinene chimene ndalembera.

Mawu aja anali abodza, Amama. Sikuti ndinaona molakwika ayi. Manja a Olipa anayamba kutupa dzulo lake, inu mutapita ku Boma kukagula mchere ndi sopo. Ndinawaona pomusambitsa. M'mawa mwake inu munamutenga poti ankalira, munafunditsa madzi n'kumamuthowa manja ndi kansalu. Kugwira kumene ndinakunenerani kuja ndi kumeneko.

Olipa atamwalira, chaka chisanathe chimwalirireni Amon, anthu anayamba kunong'ona kuti mkamwana wa ku Mphamba wabwera ndi tsoka. Ndinamva ndi makutu anga ena akumuuza Haswell kuti akatenge mkazi wina. Ndinaopa. Chala chinali kubwera kwa ine, ndiye ndinachikhotetsera kwa inu. Munali wamasiye, wopanda wokuyankhulirani. Sing'anga amene anaitanidwa kudzaombeza uja anangobwereza zimene ndinali nditafesa kale m'mudzi.

Tsiku limene munkachoka ndinali m'chigafa ndikusoka fodya. Ndinakuonani pakati pa masamba mutasenza beseni la zovala ndi mapoto awiri, mukulowera kumsewu. Munaima pang'ono moyang'ana kumanda a anawo. Palibe anakulandirani katundu. Ine ndinapitiriza kusoka.

Yunike atabadwa wamphamvu, wosadwaladwala, mudzi wonse unati mwaona, mfiti yachoka. Nanenso ndinayamba kukhulupirira bodza langa lomwe. Chonsecho mwana anangotola nyemba yoyera.

Lukundo watola yofiira. Manja ake anatupa koyamba mu Juni, kukuzizira, msonkhano uja usanachitike, inu muli ku Kitwe. Ndinamuveka masokosi m'manja n'kumauza anthu kuti amadzikanda kumaso. Ngakhale Haswell ndinamuuza choncho.

Utatha msonkhano, a Carol ankaitana banja limodzilimodzi m'kachipinda ka abusa. Anatisonyeza mapepala aja sitinakatenge. La Haswell linati ndi wonyamula, langanso chimodzimodzi. Kenako a Carol anayang'ana masokosi a Lukundo, n'kundipempha mofatsa kuti ndimuvule. Haswell anaona tizala totupa ngati nthochi zazing'ono. A Carol anatilembera kalata ya kuchipatala cha ku Boma, ndipo kumeneko anayeza n'kutsimikiza.

Pano amamwa mankhwala tsiku lililonse, amagona m'neti, timamufunditsa, ndipo akangotentha thupi tiyenera kuthamanga naye. Anamwino anati ana otere amakula, amapita kusukulu, ena amamanga mabanja. Ndinafunsa ngati Amon ndi Olipa akanakhala moyo tikanadziwa. Anati sangalonjeze, koma mwina. Ndinati yewo, n'kutuluka kukagula mafuta ophikira.

Pobwerera, titatsika minibasi, tikuyenda m'kanjira ka kumudzi, ndinamuuza Haswell zonse za manja a Olipa. Anaima n'kundifunsa kamodzi kokha: "Ndiye kuti amama sanachite kanthu?" Ndinati sanachite. Anati, "Ine ndi pakamwa panga ndinawauza kuti achoke." Sanandimenye, sanandikalipire. Mwina zikanakhala bwino akanatero.

Chiyambire tsikulo timadzuka, timagwira ntchito, timalankhula za ng'ombe ndi za mankhwala a mwana. M'nyumba mwanu tinkasungiramo mabelo ndi feteleza. Haswell watulutsa zonse, wafolera udzu watsopano, wakhoma chitseko china. Sanandiuze chifukwa chake, inenso sindinafunse. Kukulemberani akuti sangathe. Akuti sakudziwa liwu loyambira.

Lero kutchalitchi, nthawi ya zolengeza, ndinaimirira. Ndinanena kuti mawu anawerengedwa aja anali anga, kuti anali abodza, ndipo anyaZimba si mfiti. Liwu langa linkamveka ngati la munthu wina amene akulengeza tsiku la dibi la ng'ombe. Wina kumbuyo anati zakale izo, zisiyeni. Abusa anayambitsa nyimbo. Potuluka mayi wina wa kutsidya kwa dambo anandigwira mkono. Apongozi ake nawonso anachoka ngati inu, ndipo anamwalira ku Chipata chaka chatha. Iye alibe womulembera kalata.

Sindikudziwa ngati ndikupempha chikhululukiro. Ndikafufuza mumtima ndimapeza muli mbee ngati m'munda mokolola kale. Abusa akuti chisoni chidzabwera pa nthawi yake. Koma sindinafune kuchidikira, poti inu mukukula, ndipo dzina lanu ndaligoneka m'matope nthawi yaitali.

Ndili ndi zopempha ziwiri.

Choyamba ndi cha inu alamu amene mukuwerenga. Mukayezetse magazi, inu ndi ana anu, kuti asanalowe m'banja adziwe chimene anyamula. Ndipo muwafotokozere bwino Amama, asaganize kuti tawapezera mlandu wina. Mbewu ya Haswell ikhoza kukhala yochokera kwa malemu adada anu. Ngakhale itakhala ya kwa Amama, wonyamula alibe mlandu. Theka linalo ndabwera nalo ndine.

Chachiwiri ndi chanu, Amama. Lukundo ululu ukamugwira amalira kulira kuja mukukudziwa. Ine ndimamunyamula ngati ndanyamula mtolo wa nkhuni, manja anga sadziwa chochita. Amon ankatonthola kumsana kwanu kokha. Ngati mungabwere, ngakhale sabata imodzi, Haswell adzabwera yekha kudzakutengani. Ngati simukufuna kuona nkhope yanga, ndizikhala kuseri kwa nyumba, ndizingotulukira poyamwitsa. Mukakana, palibe adzakuneneni. Mwanenedwa mokwanira.

Yunike wandipeza ndikulemba pakhonde, wafunsa kuti ndikulembera ndani. Ndati agogo ako. Wati, "Ine ndili ndi agogo ena?" Ndati eya. Wati, "Nanga bwanji sabwera?" Ndamuuza kuti ndinawanamizira, ndipo anachoka. Kenako wati ndimusiyire malo pansi pa pepala. Kulemba sanayambe. Chozungulira chachikulu chimene muchione m'munsimu akuti ndinu, kakang'ono kali pambalipo ndi iye. Ndamufunsa kuti nanga ine ndili pati. Wati malo atha.

Mundiperekere moni kwa abambo akunyumba kwa alamu, kwa ana onse, ndi kwa a mpingo amene anakulandirani kumeneko ife titakutayani. Kalatayi ndapatsira a Jemima, akukwera basi Lachiwiri. Chiuta akusungeni, akuchepetsereni ululu wa bondo, ndipo maso anu aone.

Ndine mkamwana wanu, ngati mukundiwerengabe,

Linah nyaNyirenda.