Abwezereni Amayi tsache lawo

Okondedwa Achimwene,

Mwadzuka bwanji kumeneko, inu ndi alamu ndi ana? Kuno ndiliko, kupatula chimfine chimene chandikakamira chifukwa cha chinyezi cha m'chipinda changa. Eni nyumba amangoti abwera kudzakonza denga, mpaka lero.

Koma chandilembetsa si denga ayi. Ndinayankhula ndi Amayi pa foni, ndipo ndakwiya, sindikubisirani. Akuti chigwereni kubafa kuja munawalanda tsache, munawaletsa kupita kudimba, ngakhale madzi akumwa mumachita kuwabweretsera pampando. Akangoimirira, nyumba yonse imakuwa kuti akhale pansi. Abale inu! Munthu anangotupa bondo, dokotala n'kunena kuti palibe chathyoka, inu n'kumusandutsa dzira?

Ndikudziwa, mukuti ndi ulemu. Mukuopanso kuti anthu anganene kuti alamu akugwiritsa ntchito apongozi awo. Anthuwo adzabwera kudzawanyamula Amayi miyendo ikadzafa?

Zimenezi ndimaziona tsiku ndi tsiku kunyumba yosamalira okalamba kumene ndimagwira ntchito. Tili ndi bambo wina amene anali telala. Anabwera akuyenda yekha, ana ake n'kumugulira njinga ya olumala kuti asamavutike. Lero timamutembenuza pabedi anthu awiri ngati thumba la simenti. Pomwe gogo wina wamkulu kuposa Amayi, timamutcha Sajeni chifukwa cholongolola, m'mawa uliwonse amazungulira bwalo ndi ndodo yake uku akutikalipira, ndipo ali gwa.

Pempho langa ndi limodzi: asiyeni Amayi aziyenda. Kubafa ikani mpando ndi chogwirira, konzani sitepe yogumuka ija, basi. Akasesa mokhotakhota, alamu asabwerezemo iwo akuona.

Chandipweteka kwambiri n'chakuti Amayi sanadandaule n'komwe. Ankakuyamikirani, akuti ana akuwasunga ngati mlendo. Kenako anandiuza akuseka kuti nsapato zawo zakuda zoyendera apatsa Azakhali, poti iwo alibenso kopita nazo. Ndinalira, Achimwene. Mawa lomwe pitani kwa Azakhali mukatenge nsapatozo, ndipo mukaziike pamene Amayi angachite kunyamuka kuti akazitenge okha.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti sindikuwada. Moni kwa Azakhali, kwa Amalume ndi kwa ana onse.

Tsalani bwino, ndine mlongo wanu,
Wamakani uja