Ng'ombe za malowolo zikutchetcha bwalo la khonsolo

Aphungu,

Kwathu ndi ku Dedza, koma ndimagwira ntchito yowerengera ndalama kukhonsolo kuno ku Karonga. Pali timu ya mpira imene imachita lendi bwalo lathu lina. Pangano n'lakuti ikakonza kanthu pabwalopo ibweretse malisiti, tichotsere pa lendi. Chaka chino akonza modzipereka kwambiri moti lendi yonse yathera momwemo, ndipo akuti khonsolo ndiyo iwabwezere chenje.

Abwana anandituma kukafufuza. Zigoli akuti anapenta kanayi, koma dzimbiri lake ndi lomwe ndinalipeza pobwera kuno. Chimbudzi akuti anaikira zitseko ziwiri, ine ndapezapo chiguduli. Kutchetcha udzu ndi K180,000 mwezi uliwonse, ngakhale mu Okutobala pamene pamakhala fumbi lokhalokha. Palinso lisiti la feteleza.

Lachiwiri m'mawa ndinawapeza otchetchawo ali pantchito: ng'ombe zisanu ndi ziwiri. Zitatu ndinazizindikira, chifukwa ndinagula ndine ku Uliwa. Ndi malowolo amene ndinapereka kwa a Ambokile, wapampando wa timuyi, omwenso ndi bambo ake a Thelma, bwenzi langa. Zatsala ziwiri kuti ukwati uchitike mu Disembala. Kumene fetelezayo akuchokera mwadziwa kale.

Nditawafunsa a Ambokile mwaulemu wonse, anangoti: "Akweni, mkamwini wanga, udzu wafupika kapena sunafupike? Ingosainani waka, ziwiri zotsalazo tiziiwala."

Lipoti likufunika Lachisanu. Ndikalemba zoona, Thelma ndamutaya, ndipo ndimamukonda kwambiri. Ndikasaina bodza, ntchito yanga ili pachiswe. Thelma sakudziwa kanthu. Nditani?

R.K., Karonga

A R.K.,

Choyamba ndikuyamikeni. Anzanu a madigiri akuyenda ndi maenvulopu zaka zisanu, koma ng'ombe zanu zalembedwa ntchito msangamsanga, malipiro ake onona.

Tsono tikambe za inu. Apongozi anuwo akuyezani n'kupeza kuti mtengo wanu ndi ng'ombe ziwiri. Mukavomera, musaganize kuti zathera pomwepo. Chaka chamawa adzapenta zigoli kasanu ndi kawiri, ndipo wosaina adzakhala mkamwini wawo womvera uja.

Mawa m'mawa lembani kalata kwa abwana anu yonena kuti wapampando wa timuyi ndi apongozi anu, choncho kafukufukuyu amalize munthu wina. Kalata, osati kunong'oneza pakhonde, ndipo kope lake musunge kunyumba. Munayenera kutero tsiku lomwe anakutumani, koma chikondi chimagonetsa mutu, tikudziwa. Perekani zonse zimene mwapeza monga zilili: malisiti, masiku ake, zithunzi za zigoli, chiguduli ndi antchito a miyendo inayiwo. Musabisepo ngakhale pepala limodzi. Muwakumbutsenso abwanawo kuti timu isanakonze kanthu izipempha chilolezo, ndipo ikamaliza wina azikaona ndi maso ndalama isanachotsedwe.

Ng'ombe ziwirizo mukapereke zonse kudzera kwa ankhoswe, ngakhale ukwati usunthire chaka chamawa.

Thelma mumuuze lero, amve kwa inu asanamve kwa bambo ake. Adzalira, mwina adzakukwiyirani, pakuti magazi ndi magazi. Mupatseni nthawi. Koma akakuuzani kuti musaine, mumvetsere bwino, chifukwa wakuonetsani banja limene mukulowa.

Chenjerani, achimwene. Nkhaniyi ikadzaphulika, a Ambokile adzati iwo sadziwa za maofesi, anangopereka mapepala kwa munthu wophunzira. Dzina lodzaitanidwa kukhoti ndi lanu, ndipo Thelma adzabwera kudzakuonani kundende bambo ake atamubwereka ya basi.

Aphungu