Mapu a mawaya ali m'mutu mwanga, akuti ndiwalembe

Aphungu,

Ndasowa mtengo wogwira. Kwa zaka 17 ndakhala ndikuyang'anira chipinda chozizira cha maseva, makompyuta akuluakulu aja, pa yunivesite ina. Muli mawaya oposa 600 ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene ndinamuika chizindikiro. Mapu ake ali m'mutu mwangamu. Intaneti ikaduka, ngakhale mapulofesa amandivulira chipewa. Amanditcha Adokotala a Mawaya.

Ndiulule. Zinthu zikayenda bwino miyezi iwiri, anthu amayamba kundiiwala. Ndiye ndimazula waya wachikasu wopita ku ofesi ya mayeso, n'kudikira foni. Ikalira ndimalowa m'chipindamo nkhope ili gwa, n'kudzitsekera mphindi 40, kenako waya uja n'kumubwezera. Mkulu wa mayeso anandiuzapo kuti, "Popanda inu achimwene, sukulu ino bwenzi itatsekedwa."

Tsopano kwabwera injiniya wina, mayi. Akuti netiweki yonse izilamulidwa ndi pulogalamu imodzi pa laputopu, osatinso kuzula ndi kulumikiza mawaya pamanja. Njira ikaduka, pulogalamuyo izipeza ina yokha. Dzana anandiuza kuti, "Bambo, pofika Lachisanu mundilembere waya aliyense, kumene akuchokera ndi kumene akupita."

Ndikalemba, nditsala ndi chiyani? Mkazi wanga amauza anzake kuti yunivesite ili m'manja mwanga. Ndikuopa. Kodi ndinamizire kuiwala?

W.K., kuchipinda chozizira

Achimwene W.K.,

Zikomo poulula, koma ndisapsatire mawu: simunali dokotala, munali matenda. Ana a eni ake ankadikira zotsatira za mayeso mitima ili m'mwamba, inu mukupitidwa mphepo kuseri kwa chitseko.

Mantha anuwo ndikuwamva. Zimawawa kuona ntchito imene wamera nayo imvi ikulowa m'laputopu ya munthu wina. Koma waya wachikasuyo musamukhudzenso. Pulogalamu yatsopanoyo imalemba malo ndi nthawi imene waya wazulidwa, ndipo paja tsiku la 40 limakwana.

Tengani timapepala tomata, muike chizindikiro pa waya aliyense. Mapuwo mukapereke Lachinayi, osadikira Lachisanu, ndipo pomwepo muwapemphe mayiwo kuti akuphunzitseni pulogalamuyo. Palibe manyazi. Ichenjere bwanji, pulogalamu ilibe manja; khoswe akadya waya kudenga, padzafunikabe munthu wodziwa pokwerera. Akunyumba auzeni kuti mwayamba sukulu ya zatsopano. Nazonso n'zonyaditsa kwa anzawo, ndipo n'zoona.

Chenjezo langa ndi ili. Mukanamizira kuiwala, mayiwo sakunyengererani. Atenga tochi n'kulondola mawayawo okha, mmodzimmodzi, ndipo masabata awiri sakwana asanamalize. Pamenepo sukulu yonse idziwa kuti nzeru imene yakhala ikuigwadira zaka zonsezi inali ntchito ya masabata awiri basi.